Chidulo cha ku Coolock

Ndinafika ku Dublin tsitsi lisanamere bwino. Mayi anga anali atamwalira m'nyengo yozizira ya kwathu, tinameta, ndipo misozi isanaume ndinakwera ndege kupita kusukulu imene ndinali nditaipempherera kwa zaka. Azungu a ku labotale ankati tsitsi lalifupilo likundikhala. Ndinkangothokoza. Kufotokozera munthu za kumeta m'Chingerezi, iye atagwira kapu ya khofi n'kumayang'ana wotchi, ndi ntchito imene sindinkaifuna.

Inali nthawi imene dziko la Ireland linali litaledzera ndalama. Kulikonse nyumba zinkangomera, ndipo pamene pakumangidwa nyumba pankakhala chibini chachitsulo chodzaza matabwa otsala, abwinobwino, oti kwathu munthu akanakhomera denga. Ine ndinkachita lendi kachipinda ku Crumlin, m'mwamba mwa nyumba ya mayi wina wamasiye wa komweko. Anali munthu wabwino, koma fungo la usipa m'khitchini mwake sankalifuna.

Ntchito yanga inali ya phulusa. Achibale ndinkangowauza kuti ndikuphunzira za madzi, chifukwa ndikananena kuti ndakwera ndege kukasewera ndi phulusa, ndikanasanduka nkhani ya pamjigo. Koma zoona zake n'zimenezo. Kumaiko ena, malasha akakhala pansi kwambiri, sawakumba. Amaboola zibowo ziwiri: kumodzi amapopera mpweya n'kuyatsa malashawo pansi pomwepo, kwinako amakoka gasi wotuluka n'kukamugwiritsa ntchito. Palibe munthu wolowa mumgodi, palibe mulu wa zinyalala pamtunda, ndiye eni ndalama amaomba m'manja. Koma moto ukazima, pansi pamatsala mphanga yodzaza phulusa, malasha osapsa bwino ndi phula lakuda. Madzi a pansi panthaka, amene motowo unawathamangitsa, amabwerera pang'onopang'ono, n'kunyowetsa zotsalazo, n'kupitiriza ulendo wawo wa ku zitsime za anthu.

Zotsalazo zinkatifikira m'zitini zomata kuchokera kumaiko oyeserako njirayi. Ine ndinkazithira m'mapaipi agalasi oimika, n'kumadonthezera madzi pamwamba, botolo nditatchera pansi. Madzi otulukawo ndiwo ndinkawayeza. Munkapezeka fenolo, amene fungo lake ndi la mankhwala okolopera m'chipatala, munkapezeka benzini, ndiponso poizoni wina wotchedwa aseniki. Chimene chinkandikwiyitsa n'chakuti fungo likatha, madziwo n'kuyera mbee oti ungamwetse khanda, zoipa zina zinkatulukabe.

Tsiku loyamba kuona madzi akudontha pansi pa paipi ija, ndinathawira kuchimbudzi kukalira. Umu ndi mmene mayi ankakonzera chidulo. Ankatenga chitini chobooledwa pansi ndi msomali, n'kuyala udzu pang'ono, n'kuthira phulusa la zitsononkho ndi mapesi, madzi pamwamba, kambale pansi. Madzi ofiira otulukawo ndiwo ankaphikira therere. Ndili mwana ankandituma kukhala pafupi ndi chitinicho kuti nkhuku zisagubuduze, ndipo ndinkadana nayo ntchito imeneyo. Tsopano boma la eni ake linkandilipirira sukulu kuti ndizichita yomweyo nditavala magolovesi. Ndinawasowa mayi anga mpaka thupi kuphwanya.

Kamodzi pamwezi wansembe wina wa kwathu ankachita Misa ya Chichewa cha kumpoto kwa mzinda. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amayi a ku Coolock. Kwawo kwenikweni kunali ku Dedza, koma ine ndinawadziwira ku Coolock, ndiye mumtima mwanga ndi a komweko. Anali atabwera pa viza ya miyezi yochepa kudzadikirira mwana wawo wamkazi, amene anali ndi pakati poyamba. Anali aafupi, atavala jekete la mkamwini wawo pamwamba pa chitenje, manja a jeketelo atawapinda kangapo. Titatuluka m'tchalitchi anandiyang'ana kumutu osaphethira.

"Iwe mwana, tsitsili ndi la fasho kapena la maliro?"

Ndinati la maliro, amayi. Anafunsa kuti a ndani, ndipo nditanena anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kunena kuti pepa mwananga, pepa. Chifikireni m'dzikolo panalibe amene anandipepesa m'chinenero changa. Ndinalira pakhomo la tchalitchi anthu akundilambalala. Iwo anadikira kuti ndimalize, kenaka anati kuyambira tsikulo Lamulungu lililonse ndizikadya kwawo. Sanandipemphe, anangondiuza.

Kuchoka ku Crumlin kukafika ku Coolock ndinkakwera mabasi awiri, ndipo sindinadandaulepo. Nyumba yawo inali yakale, yalendi, yokhala ndi malo osonkhapo moto pabalaza ndi chumuni. Mwana wawo, amene ndinkamutcha achemwali, ankagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba. Mwamuna wake, alamu, anali pasukulu ngati ine, koma Loweruka ankakagwira ganyu kwa omanga nyumba. Amayi sankazikhulupirira zitsulo za m'khoma zotenthetsera nyumba. Ankati moto wosaoneka suotheka. Ndiye alamu ankagula malasha a m'matumba pamalo omwetsera mafuta, n'kumabwera ndi zidutswa za matabwa zochokera m'mabini a kuntchito kwawo, kuti apongozi awo azikhala ndi moto woti aziuona.

Amayi aja anandilanda ngati mwana wotola. Ankandikalipira kuti ndawonda, kuti nsapato zanga n'zachimuna, kuti ndimadya ndikuwerenga. Tsitsi litatalikako anandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo n'kundiluka, akundikoka mutu mopanda chisoni monga amachitira makolo. Atandifunsa za sukulu ndinawayankha monga ndinkayankhira aliyense, kuti ndikuphunzira za madzi. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati madzi nawonso amaphunziridwa. Koma chimene ndinkachikonda kuposa zonse chinali kutumidwa. Iwe mwananga, tapita ukaone mphikawo. Iwe, tenga tsache. Ku labotale aliyense ankandipempha mwaulemu, ndi mawu ambiri okuluwika. Sabata yonse ndinkangodikira Lamulungu kuti munthu andinene kuti iwe.

Pakati pa achemwali patakula, anayamba kulakalaka therere. Therere lenilenilo silinkavuta, tinkaligula m'mashopu a anthu a ku Nigeria ndi amwenye m'tauni. Chovuta chinali chidulo. Amayi anayesa kuphikira soda wa m'sitolo, koma achemwali analawa n'kukankha mbale. Anati, "Mami, this is not it, likumveka sopo." Nkhani ya chidulo inakhala pakamwa pathu masabata angapo. Ine ndemwe ndinaikoleza kwambiri. Ndinkafotokoza za chitini cha mayi anga, za mmene therere lawo linkafufumira n'kubiriwira, mpaka amayi anandiuza kuti nditseke pakamwa ndisanawalize onse m'nyumbamo.

Lamulungu lina kukuzizira koopsa, nditangotsegula chitseko, fungo linandilandira. Munthu amene sanakulire pa therere la chidulo sangamvetse. Ndinaima pakhomo chikwama chili paphewa, ndipo kwa kanthawi ndinali ndili kwathu. Amayi anatulukira kukhitchini nkhope ikuwala, n'kundiuza kuti lero udya kwanu. Ndinavula jekete, ndinasamba m'manja, malovu atadzaza kale m'kamwa. Kenaka ndinafunsa, mwa chisangalalo chabe, kuti chidulocho achipeza kuti.

Ananditengera kuseri kwa nyumba monyadira. Panjerwa ziwiri panali chitini cha mkaka waufa, chobooledwa pansi ndi msomali bwinobwino, kambale kali pansi pake. Anati akhala akuwola phulusa la pabalaza n'kumalisunga m'chidebe. Anadandaula kuti phulusa la kuno ndi laulesi, lolemera ngati mchenga, moti anachita kubwereza madzi omwewo kambirimbiri kuti mphamvu ituluke. Ndinasuzumira m'chitinimo. Munali timiyala ta malasha osapsa bwino, misomali yopindika, ndi kachidutswa ka thabwa kopserera mbali imodzi, mbali inayo kakuonekabe kobiriwirako.

Kubiriwira kumeneko ndinkakudziwa. Ndi mankhwala amene amalowetsa m'matabwa kuti asaole kapena kufumbwa, ndipo m'matabwa ambiri akale a mtundu umenewo mumakhala aseniki. Thabwa limapsa, koma poizoniyo ambiri amatsalira m'phulusa, atasonkhana pamodzi. Kuwonjezera apo panali phulusa la malasha, m'bale wake wa limene ndinkaligwira ndi magolovesi mkati mwa sabata. Amayi anali atachita ndendende zimene ndinkachita ku labotale, ndipo anazichita mwaluso. Kusiyana kwake kunali kwakuti botolo langa linkapita kumakina, pamene kambale kawo kanali katapita mumphika.

Ndisaname, maganizo oyamba amene anandibwerera anali akuti kamodzi sikupha. Ndinkalifuna therere limenelo. Ndinkafuna kukhala pansi, kudya, kuyamikira, n'kudzanena nkhaniyo mawa lake pa foni ndi mawu ofewa. Koma nditacheuka, pachitseko chotsegulacho ndinaona achemwali ataima pa chitofu, mimba itagunda mphika, supuni ili m'manja, akuuzira kuti lipole.

Sindikumbuka kuti ndinadutsa bwanji pakhomo paja. Ndinalanda supuniyo, ndinanyamula mphika ndi manja a juzi langa, ndinatuluka nawo n'kukhuthulira therere lonse m'bini. Alamu anali ataima pakhomo la balaza ndipo anaona zonse. Kwathu ndiwo zophikidwa ndi munthu wamkulu sizitayidwa, ndipo ine ndinazitaya mwini wake akuona, pamaso pa mkamwini wake.

Kufotokoza kunabwera pambuyo, ndipo kunatuluka m'Chingerezi, chifukwa mawu onse a zinthu zimenezi ndinawaphunzira m'Chingerezi. Achemwali anamva msanga. Anakhala pampando atagwira mimba, n'kunena kuti sanalawe ngakhale pang'ono. Anafunsa mayi awo ngati iwo analawa, ndipo amayi anati anangoika kadontho palilime n'kulavula, monga amachitira aliyense poyesa mphamvu ya chidulo. Alamu anayang'ana pansi, poti matabwawo anabwera nawo ndi iwo. Apo m'pamene ndinatembenukira kwa amayi n'kuyamba kubwereza zonse m'Chichewa, koma anandidula.

"Ndiye mukuti ine ndimafuna kupha mdzukulu wanga?"

Ndinamva mawu oti mukuti aja, m'malo mwa ukuti, asanamalize n'chiganizo chomwe. Ndinati ayi amayi, vuto si inu, vuto ndi phulusa, phulusa silifanana. Ndinayesa kunena za zitsononkho ndi malasha, za mankhwala a m'matabwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja atapinda pachifuwa. Sanatsutse chilichonse.

"Ndamva. Koma mukanandiitanira pambali, adokotala."

Anakwera masitepe kupita kuchipinda kwawo, ndipo tsiku limenelo sanatsikenso. Alamu anawola phulusa lonse la pabalaza, analimanga m'matumba, ndipo moto sunasonkhedwenso m'nyumba imene ija. Ife atatu tinadya mpunga ndi mazira, aliyense maso ali m'mbale mwake.

Lamulungu lotsatira ndinapitanso. Anandilandira bwino kwambiri, ndipo m'mene munali ululu wake ndi mmenemo. Anandipatsa moni wa manja awiri, anandifunsa ngati adokotala ayenda bwino, anandikhazika pampando wabwino wa pabalaza. Chakudya anandibweretsera pathireyi, ndi foloko. Nditanyamuka kuti ndikatsuke mbale, anati ayi, khalani, alendo satsuka mbale. Ndinali ndisanakhale dokotala wa chilichonse, ndipo iwo ankadziwa. Akanandituka kukanakhala bwino, chifukwa munthu amatukana mwana wake.

Nanenso ndili ndi mtima wanga. Pa basi pobwerera ndinkakangana nawo m'mutu, ndipo nthawi zonse ndinkapambana. Nthawi yoitanira munthu pambali inali kuti, supuni ili kale pamlomo? Mpaka lero, zitachitikanso, mphika umenewo ndikhoza kuutayanso. Koma kukhoza sikufunditsa munthu. Ndinayamba kudumphadumpha ma Lamulungu, ndikunamizira ntchito. Ndinkapita ku labotale kopanda anthu, n'kukhala pampando wautali kuyang'ana madzi akudontha m'mapaipi anga. Tsitsi limene anandiluka linafika pomasuka lokha, ndipo ndinalimasula ndekha pagalasi la ku bafa.

Mwana anabadwa kukuyamba kufunda, wamkazi, wathanzi, wa mawu aakulu. Ndinapita kukamuona ndi kaphukusi ka zovala. Amayi anandipatsa khandalo m'manja n'kunena kuti mugwirizize mutu, adokotala. Ndili chikhalire ndinaona kuti pa zitsulo zotenthetsera nyumba zija panali poyanikidwa zinthu: zitsononkho, makoko a chimanga, makoko a nthochi atauma mpaka kuda. Achemwali anandinong'oneza modandaula kuti, "Mami asandutsa ma radiator thandala, nyumba yonse ikununkha nthochi." Anawonjezera kuti sakumvetsa n'komwe, chifukwa chibadwire mwanayo iwo therere sakufuna n'kuliona komwe. Ndinaona kuti nkhani ya phulusa m'nyumba imene ija sinalinso yoti ituluke pakamwa panga.

Paja amati mlendo ndi mame. Viza ya amayi inatha, ndipo boma la kumeneko silinkamva za mdzukulu. Ndinakatsanzikana nawo pa Misa ya Chichewa, pakhomo lomwe lija. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anthu anali atawazungulira, aliyense akuwapatsira katundu wa achibale. Itafika nthawi yanga anandigwira dzanja n'kunena kuti mutsale bwino, muphunzire ndi mtima wonse. Ndinati muyende bwino amayi, mukapereke moni. Zinathera pomwepo. Pa basi ndinakhala m'mwamba, kumbuyo kwenikweni, ndipo ndinalira monga munthu woferedwa kachiwiri.

Patapita masiku, achemwali anandiimbira foni kuti ndidzadutse, pali katundu wanga. Ndinapita mkati mwa sabata nditaweruka. Anandipatsa kanthu kokulungidwa m'kachidutswa ka chitenje, ndipo nditamasula ndinapeza botolo la jamu lodzaza madzi ofiira.

Anandifotokozera mwana ali kubere. Amayi ankatuma alamu kukagula chimanga chachiwisi m'sitolo, akutukwana mtengo wake ulendo uliwonse, n'kukakamiza onse m'nyumbamo kudya kuti zitsononkho zipezeke. Nthochi nazonso chimodzimodzi. Zonse zitauma, anatuma mkamwini wawo kukagula chitini chatsopano cha mabisiketi, n'kukhuthulira mabisiketiwo m'mbale, n'kuotcheramo zinthu zija kuseri kwa nyumba. Anakana nyuzipepala, anakana mafuta oyatsira, anayatsa ndi machesi ndi makoko ouma basi. Anawaimika alamu pomwepo kuti akhale mboni yakuti simunalowe thabwa kapena lasha. Phulusa lake linali lochepa, lokwana m'manja awiri, ndipo analidontheza tsiku loti mawa lake tikatsanzikana ku Misa kuja, sutikesi ili yotsegula pabedi.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandipatse okha ku tchalitchi kuja. Achemwali anaseka, n'kunena kuti mayi awo ndimawadziwa, sangagonje anthu akuona. Koma anasiya mawu, ndipo anawalamula kuti awanene monga mmene anawanenera iwo.

"Anati, ichi n'cha mwana wanga wa ku Crumlin uja. Umuuze kuti iwe, usakachiyeze. Ukangophika."

Makina oyezera anali m'manja mwanga tsiku lililonse, ndipo kadontho kamodzi kakanakwana. Botololo silinapondeko ku labotale. Loweruka ndinagula therere m'tauni, ndinapempha mayi wa nyumba uja kuti andibwereke khitchini, ndipo iye atandiyang'ana nkhope anavala jekete lake n'kupita kwa mnzake. Ndinathira chidulo pang'ono mumphika. Chitawira ndinaponyamo therere, ndipo linafufuma n'kubiriwira monga la mayi anga, mpaka ndinachita kuchepetsa moto kuti lisasefukire.

Ndinakwera nalo kuchipinda kwanga pamodzi ndi kansima ka ufa wogula. Ndinakhala pansi, pakapeti, miyendo nditatambasula, n'kudya ndi manja mpaka kukombeza mbale ndi chala. Linali lomwe lija, osasiyana ngakhale pang'ono. Nditamaliza ndinakhalabe pomwepo nthawi yaitali, dzanja likuuma, mbale zili patsogolo panga. Ndinkadikira kuti wina anene kuti iwe, katsuke mbalezo.